Mawu a Amayi Anga Anakasungidwa ku Romania

Pobwera kuno ku England ndinanyamula zikwama ziwiri ndi chitini cha mabisiketi. M'zikwamamo munali zovala zimene sizinandithandize n'komwe pa chisanu cha ku Oldbury. M'chitinimo munali makaseti khumi ndi imodzi a malemu bambo anga.

Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale kwathu ku Ntcheu, ndipo anali ndi wayilesi ya kaseti imene sankasiyana nayo. Kukhale ukwati, chinkhoswe, ngoma, ngakhale azimayi akungosinja chimanga kuseri kwa nyumba, iwo ankafika mwakachetechete, n'kuika wayilesiyo pamwala, n'kudina batani lofiira. Anthu ankati aphunzitsi akungotha mabatire pa zinthu zopanda mutu. Atamwalira, achimwene anatenga njinga, azakhali anatenga mipando, ine ndinapempha makaseti. Wayilesi ija inali itafa kalekale, choncho kwa zaka zambiri ndinkangosunga chitinicho osadziwa bwinobwino zimene zinali m'makasetimo.

Ndinabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Ndinapeza chipinda m'nyumba ina yam'mwamba, mmene tinkakhala anthu anayi a maiko osiyana, khitchini imodzi, bafa imodzi. Mmodzi wa iwo anali mayi wa ku Romania, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati makumi awiri, wamfupi, tsitsi lopaka utoto wofiira. Ankayendetsa galimoto yonyamulira katundu m'weyahausi, ndipo m'nyumba ankayenda ngati akadali pa galimotoyo, mwachangu, osapatukira munthu. Ine ndinkawatcha asisi. Atafunsa tanthauzo lake analikonda dzinalo, moti ndikaiwala ankandikumbutsa.

Pansi pa masitepe panali kachipinda kosungiramo matsache, ndipo m'menemo munalinso kabokosi ka intaneti ndi kompyuta yakuda, yakale, imene inkangolira chapansipansi osaleka. Lamulungu lina masana, nditabwera kutchalitchi, inali nthawi yanga yokonza m'nyumba. Ndinafuna polumikiza huva, makina okokera fumbi aja, ndipo ndinangozula waya wa kompyuta ija. Huvayo isanalire n'komwe ndinamva phazi pa masitepe, gu gu gu.

"Mayo! Iwe, wazimitsa anthu anga!"

"Anthu ati, asisi? Muli anthu umu?"

"Bweza waya, bweza kaye, ndikuuza bwino."

Ndinabweza msangamsanga, poganiza kuti ndawononga chinthu cha kuntchito kwawo. Kompyutayo itayaka anapuma mpweya wautali, kenako anaseka mpaka kugwira khoma. Anateleka tiyi, n'kundikhazika patebulo la m'khitchini ndi laputopu yawo.

Anandiuza kuti intaneti itangofika kwawo, anthu a m'mafulati ankakoka okha mawaya kuchoka pa zenera lina kupita pa lina, kuwoloka msewu, kudutsa m'mitengo. Aliyense ankatsegula kompyuta yake kuti anzake atengemo zimene akufuna. Kenako kunabwera zimene amati torenti.

"Fayilo imadulidwa tizidutswatizidutswa," anatero akung'amba buledi kuti ndione. "Ukamaikoka sutenga kwa munthu mmodzi. Aka kachokera kwa uyu, ako kachokera kwa uyo. Kakangofika kwa iwe, nawenso wayamba kupatsa ena. Amene wamaliza kukoka n'kusiyabe kompyuta yoyaka kuti ena atengepo timamuti sida. Ine ndine sida zaka zambirimbiri. Ukazula waya, munthu wina kwathu fayilo yake yaima."

Ndinawauza za anthu obena nyimbo pamsika kwathu, mmene timaimira pamzere ndi memori kadi m'manja. Anawomba m'manja. "Ndi zomwezo! Koma kwanu wobena ndi mmodzi. Kwathu aliyense ali pamzere ndi wobenanso."

Anandionetsa tsamba lawo, lonse m'Chiromania, mawu ang'onoang'ono mpaka pansi. Anati mabwalo ena otere ndi otseka, umalowa pokhapokha wina atakuitana, ndipo ukalakwa pang'ono amakuthamangitsa. Lawo linali lotsegula, aliyense wofika amalowa. Ine mantha anandigwira. Ndinali nditamva kuti anthu amakoka mafilimu a eni mwanjira imeneyi, ndipo ndinawauza mosabisa kuti sindikufuna kutaya viza chifukwa cha filimu.

"Amene amachita zimenezo alipo, sindingakunamize," anayankha. "Koma tabwera uone ngodya yanga."

Ngodya yawo inali ya zinthu zakale zimene anthu anajambula okha. Maukwati a kumapiri. Nkhalamba ikuimba chitoliro kwa nkhosa zake. Mabuku ophunzitsa kuluka majuzi amene agogo a anthu anakopera pamanja. Kanema wa msika wa tauni ina isanamangidwenso. Anandiyatsira nyimbo ya azimayi atatu a m'mudzi wa mayi awo, ndipo ngakhale sindinamve liwu n'limodzi lomwe, thupi langa linachita tsemwe. Ndinanyamuka n'kukatenga chitini chija kuchipinda.

Atachitsegula maso awo anawala ngati mwana waona maswiti. Anatenga kaseti imodzi n'kuiyang'ana pa kuwala kwa pazenera. "Unazimvapo?" Ndinapukusa mutu. "Lamulungu likubwerali usapite kutchalitchi. Mulungu amvetsa."

Lamulungulo m'mawa tinakwera mabasi awiri kupita ku msika wa zinthu zakale, uja anthu amayala katundu kumbuyo kwa magalimoto awo. Tinazungulira mizere yonse kamvula kakuwaza. Chakumapeto tinapeza bambo wina akugulitsa makina oimbira makaseti, a siliva, olemera ngati mwala. Asisi anawanyamula okha pachifuwa mpaka pa siteji, osalola kuti ndiwalandire.

Kunyumba anawalumikiza ku kompyuta yakuda ija ndi waya mmodzi wautali, kudutsa m'kolido mpaka m'khitchini. Ndinasankha kaseti imene bambo analembapo kuti "Zosiyanasiyana 1". Poyamba kunangomveka fwaaa. Kenako tambala. Kenako mawu: "Tikuyesa, tikuyesa. Wani, thu." Ndinakuwa, "Ababa!" mpaka mnzathu wa chipinda chapansi anatuluka ndi thaulo m'khosi kudzaona chachitika.

Kaseti yachitatu ndi imene inandigwetsa. Kunamveka misi iwiri ikulandizana mumtondo, thi, thi, thi, thi, ndiye mayi wina anayambitsa nyimbo, anzake n'kuvomera. Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali nditaiwala mawu awo. Nkhope ndinkaikumbukira chifukwa cha chithunzi, koma mawu ayi. Choncho ndinkangomvetsera, osadziwa. Nyimbo ili pakati woyambitsa uja anaima n'kunena akuseka, "Aphunzitsi, tachotsani chinthu chanucho apa, mutidetsera ufa." Munthu amene ankawalankhula bambo choncho anali mmodzi yekha pa dziko lonse.

Sindikudziwa kuti ndinalira kapena ndinaseka. Ndinawagwira asisi pamapewa n'kumawagwedeza. "Amayi anga awo! Amayi anga!" Iwo anabweza kasetiyo kasanu konse, ndipo kachisanu anali akuyesa kuvomera nawo nyimboyo ndi Chichewa chosamveka.

Zinatitengera masabata atatu kuti tisamutse makaseti onse, chifukwa kaseti imafuna uimvere yonse, ndipo mashifiti athu sankagwirizana. Awiri makina anawatafuna titangomaliza kuwakopera. Tinayesa kubweza tepiyo ndi bolopeni, koma inali itapindika ngati chingwe cha mbuzi. Titamaliza asisi anandifunsa, "Tiike pa bwalo lathu? Ndi za bambo ako, palibe angakuimbe mlandu. Koma ndi za kwanu, ndiye uganize."

Ndinaimbira achimwene, amene ndi namwino ku Telford. Poyamba anakana. "Mawu a mayi athu ukawaponye kwa anthu osawadziwa? Bwanji osangotitumizira ife pafoni?" Ndinawauza kuti ndinayesa, koma mafayilowo ndi aakulu, foni ikukana. Tinagwirizana zoti tifunse azakhali kumudzi, popeza nawonso mawu awo ali m'makasetimo. Azakhali anandiseka. "Iwe mwana, ife poimba pamtondo tinkakweza dala kuti a tsidya lina amve. Ndiye lero tsidya lina lafuna kumva, iwe ukubisa?" Anangopempha kuti kaseti ya pamaliro a agogo isatuluke. Imeneyo tinaichotsa, n'kutsala khumi.

Tinaika Loweruka m'mawa. Ine ndinafotokoza za kaseti iliyonse m'Chingerezi, asisi n'kulemba m'Chiromania. Atadina batani lomaliza tinangoti maso pa laputopu. Palibe chinachitika. Tinamwa tiyi. Palibe. Ndinayamba kuchita manyazi, ndikuganiza kuti ndani angafune nyimbo za pamtondo za ku Ntcheu pamene ali ndi zakwawo. Ndinanyamuka kuti ndikatsuke makapu.

"Bwera! Bwera msanga!"

Pa mzere woyamba panali kambendera kakang'ono ka Romania, ndipo pambali pake nambala inkakwera. Munthu wina, kwinakwake, anali akukoka mawu a amayi anga kuchokera pansi pa masitepe athu. Tisanamalize kukuwa kanabwera kena, kenanso. Kenako ka Italy, ka Spain. Asisi anati amenewo ndi akwawo omwe, amene anapita kukagwira ntchito kunja ngati ife. Ndinavina m'khitchinimo ndi thovu la sopo m'manja. Masana amenewo ndinali ndi shifiti, ndipo pa buleki iliyonse ndinkathamangira foni. Asisi ankangotumiza zithunzi za laputopu, mzere wa timbendera ukutalika.

Kenako anthu anayamba kulemba pansi pake, asisi n'kumanditanthauzira. Wina anafunsa kuti chikugunda n'chiyani, ng'oma kodi? Ndinafufuza chithunzi cha mtondo n'kutumiza. Mayi wina analemba kuti agogo ake ankaimba chonchi pochapa kumtsinje. Wina anafuna mawu a nyimbo ya ngoma kuti adziwe chimene amuna aja akukalipira. Ndinakhala masiku awiri ndikumasulira, n'kupeza kuti mawu ena a Chingoni ngakhale ine sindikuwadziwa.

Ndiye panabwera bambo wina wachikulire amene anati anagwira ntchito yokonza mawu pa wayilesi mpaka kupuma. Analemba mwaulemu kwambiri, kupempha chilolezo choti achotse fwaaa uja pa makaseti angapo. Ndinavomera. Patatha masabata awiri anaika makaseti anayi oyeretsedwa, ina mwa iwo ya pamtondo ija. Abale inu! Zinali ngati wina watsegula zenera. Kunamveka nkhuku zikutola madeya, lichero likupeta chapatali, ndi kamwana kakulira pafupi kwambiri ndi woimba.

Loweruka lotsatira ndinakwera sitima kupita ku Telford ndi nyimboyo pafoni. Achimwene anamvetsera atatseka maso. Kamwana kaja katalira anatsegula maso n'kundiloza. "Ndiwe ameneyo. Ndinalipo tsiku limeneli, ndinkathamangitsa nkhuku. Iwe unali kumsana, ukudwala chikuku." Alamu anga anaseka mpaka misozi, ana awo akufunsa m'Chingerezi kuti anti akulira chiyani m'foni. Munthu amene ankakana uja ndi amene anakhala woyamba kupempha asisi kuti amuphunzitse kukoka, ngakhale sanakoke, ulesi.

Miyezi inapita. Chisanu chinafika chenicheni, ndipo tsiku lina tonse tili kuntchito paipi ya m'bafa inaphulika. Ndinafika cha m'ma thili koloko n'kupeza madzi akutuluka pansi pa chitseko. Anali atatsika m'khoma n'kudzaza kachipinda ka pansi pa masitepe. Kompyuta yakuda inali chete m'madzi. Makina a siliva aja anali momwemo, ndipo chitini changa chinali pambali pake chosatseka, makaseti akuyandama. Tinali titazisiya pamenepo poganiza kuti tidzakoperanso ina imene inamveka motsika.

Ndinakhala pa sitepe nsapato zili m'madzi. Pafoni ndinali ndi nyimbo zitatu zokha. Zina zonse zinali m'kompyuta ya asisi, ndipo ine, chitsiru, ndinkangoti ndigula chosungiramo changachanga mwezi wamawa. Asisi atafika anayang'ana kompyuta yawo, n'kunena mawu ena a Chiromania amene sanafune kunditanthauzira. Kenako anandiyang'ana ine.

"Ukulira chiyani?"

"Zonse zapita, asisi. Bambo anasunga zaka zonsezi, ine ndawaononga m'chaka chimodzi."

"Dzuka, tenga mopu. Tikamaliza ndikuonetsa."

Intaneti inabwerera patapita masiku awiri. Tinakhalanso patebulo lija ndi laputopu, asisi n'kutsegula tsamba lawo, n'kupeza makaseti anga, n'kudina. Tsopano ife ndife tinali okoka. Timbendera tinayamba kuoneka, ndipo mzere wobiriwira unayamba kuyenda. Makaseti anayi oyeretsedwa anafika mosavuta. Ndinalumpha, n'kuwapsompsona asisi pamutu pofiira paja. Koma enawo, akale aja, anayenda, anayenda, n'kuima atatsala pang'ono kumaliza.

Asisi anafotokoza kuti anthu ambiri anasankha makaseti amene anawakonda n'kusiya ena, ndipo amene anakoka onse sanali pa intaneti. Yosowa inali kaseti yachisanu ndi chitatu, imene bambo anajambula ana a sukulu akuimba, iwo eni akutsogolera. Inali kaseti yokhayo imene bambo anaimbamo.

Asisi analemba uthenga pa bwalo: nyumba yathu yalowa madzi, makaseti enieni afa, amene ali ndi yachisanu ndi chitatu ayatse kompyuta. Anthu anayankha ambiri. Ena kupepesa, ena kunena kuti akufufuza m'makompyuta akale. Bambo wa wayilesi uja analemba kuti iye anakoka anayi okha, ndipo akudziimba mlandu. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Kuntchito ndinamuveka gogo wina juzi chakumbuyo, iye n'kundifunsa ngati ndili m'chikondi.

Lamulungu achimwene anabwera ndi banja lawo kudzationa za madziwo. Tinali patebulo tikudya mpunga ndi nkhuku, laputopu ili pamwamba pa firiji, pulambala ali m'bafa kumalizitsa ntchito yake. Laputopu inalira kamodzi, ting'. Asisi anaponya foloko, n'kukwera pampando kuti aone.

"Wabwera! Sida wabwera!"

Tonse tinaunjikana pa firiji. Mzere uja unali ukuyenda, pang'onopang'ono ngati kamba. Achimwene, munthu wamkulu, namwino wolemekezeka, anali akuwomba m'manja n'kumaulimbikitsa, "Tiye! Tiye!" ngati ali ku mpira. Utafika kumapeto ndinaimba nthungululu imene sindinaimbepo chibwerere kuno. Alamu analandira. Pulambala anatsika akuthamanga ndi sipanala m'manja poganiza kuti paipi ina yaphulika.

Pansi pa uthenga wa asisi panali mawu atsopano. Anali dalaivala wa thiraki. Anati anali paulendo masabata awiri, wangofika kumene, mkazi wake ndiye anazimitsa kompyuta. Anati makaseti onse khumi amamvera akamayendetsa, ndipo ya ana a sukuluyo ndi imene imamuchotsa tulo. Anapepesa chifukwa chochedwa. Munthu amene sindidzamuona n'komwe, kundipepesa ine! Tinayatsa kasetiyo pomwepo, bambo akuyambitsa ndi mawu awo okhuthala, ana n'kulowa mothamanga, iwo n'kuwaimitsa: "Ayi, ayi, tiyambirenso." Pulambala anamvetsera nafe mpaka kumapeto, atanyamula mbale ya mpunga imene alamu anamupatsa.

Sabata yomweyo ndinagula kompyuta yakale yangayanga. Ili m'chipinda mwanga pamwamba pa wadiropu, ndipo sindiizimitsa. Ndimasunga makaseti a bambo, komanso maukwati a kumapiri ndi nkhalamba ya chitoliro ija, chifukwa zambiri za asisi nazonso zinabwerera mwanjira yomweyo ndipo tinagawana zosunga.

Nkhaniyi ndinakaifotokoza ku Nechells, kumene timakumana a ku Malawi ndi a ku Zambia tikaweruka mapemphero, m'holo ina pakati pa mafakitale. Ndinkaganiza kuti angoseka. Sabata yotsatira anthu anabwera ndi majumbo. Kodi anthu amasunga zinthu! Makaseti a kwaya, a maukwati, mauthenga amene makolo ankajambula kutumizira ana awo kunja mafoni asanachuluke. Asisi anapezanso makina ena kumsika kuja, ndipo tsiku lina anavomera kupita nane kuholoko. Anakhala pakona ndi laputopu, mandasi m'dzanja limodzi, akulamula azibambo a masuti kuti aime pamzere bwinobwino. Aliyense ankamufunsa kaye ngati akufuna zongosunga yekha kapena zoika pa bwalo.

Womaliza tsikulo anali namwino wina wa ku Chipata, mayi waulemu wake, amene anabweretsa kaseti yokulungidwa m'kansalu. Anati ndi ya tsiku la ukwati wake, sanaimvepo zaka makumi awiri, ndipo anaitana amuna ake kuti aime pambali pake. Asisi anadina batani. Kunamveka kwaya ikuyamba bwinobwino, mayiyo n'kugwira pamtima. Mwadzidzidzi kwayayo inaduka, n'kulowa mawu a muulutsi wa mpira akukuwa kuti chigoli. Mbali yonse ya kasetiyo unali mpira.

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amuna ake. Bamboyo anayang'ana kudenga. "Inali fainolo, mayi," anatero chapansipansi, "ndipo kaseti ina munalibe m'nyumba."

Anthu anagwa ndi phwete, ena mpaka kukhala pansi. Mayiyo anayesa kukwiya koma sizinatheke. Asisi atamva tanthauzo anapukuta misozi ndi nsonga ya juzi, n'kutembenuza kasetiyo. Mbali inayo ukwati unalipo, kuyambira pa malumbiro mpaka pa perekaniperekani, ndipo tinamvera wonse, bamboyo ataimabe pomwepo ngati wolakwa pabwalo.